Mapulanga Amene Anapelewela Zala Zitatu

Kumangidwa? Ayi, sanamangidwepo agogo ako aamuna. Wakuuza ndani, amalume ako? Iwowo anali m'mimba mwanga nthawi imeneyo, adziwa chiyani? Lemba bwino mu foni yakoyo, usandithamangitse. Chimene tinatsala pang'ono kutaya ndi poloti, malo ano takhalapo a ku Kaunda Square. Ndipo nkhani yonse inayambila pa mapulanga.

Nthawi ija tinali kukhala ku Kabwata kwa akulu awo a agogo ako, m'nyumba ya kanso, ya boma la mzinda. Ife tinali kugona pabalaza. Mulamu wanga wamkazi sanali munthu woipa, koma anatopa nafe. M'mawa akatenga tsache, amayambila pa mphasa yathu, ife tikali pomwepo. Ndiye pamene a kanso anatipatsa poloti kuno, ndinavina. Amakupatsa malo, pompi ndi chimbudzi, nyumba umange wekha. Koma panali mawu amene aliyense amawadziwa. Ukachedwa kumanga, kapena akakuona kuti ndiwe munthu wosokoneza, malo amapatsa wina. Ndipo wonena kuti uyu ndi wosokoneza anali ba cheyamani a chipani a m'dela lathu. Chipani chinali chimodzi chabe, kulibe kwina kokadandaula.

Agogo ako anali kuphika kunyumba ina ku Kabulonga. Amapuma Chiwelu masana ndi pa Sondo basi, ndiye masiku omanga anali omwewo. Anali ndi lula yawo yopimila, yamtengo, yopinda ngati mwendo wa dziwala, imene anawasiyila mzungu wina pobwelela kwawo. Pa lula imeneyo panali mafiti ndi mainchi. Womanga wathu anali bambo wina wa ku Luapula, tinali kupemphela naye. Awiliwo anapima zipinda ndi lula ija, kuti pulanga la mafiti twelofu likakhale bwino pa khoma ili ndi pa khoma ilo. Simenti inali kusowa, ndiye njelwa tinamangila dothi. Khoma la dothi ndi lolimba, mwana iwe, koma likhale ndi denga. Lopanda denga, mvula ikalipeza limasungunuka ngati shuga.

Manje zaka zimenezo boma linali litasintha mapimidwe. Pa wailesi tsiku lililonse, mita, kilo, lita. Ife a pamsika sitinasamale, tomato timagulitsa pa mulu, mulu ulibe kilo. Agogo ako naonso anaganiza kuti ndi nyimbo chabe ya pa wailesi.

Makoma atafika pamwamba anapita kogula mapulanga, ku yadi ina yogulitsa matabwa kuseli kwa tauni. Anandiuza okha mmene zinayendela. Ati anafika nkunena kuti, "Ndifuna thu-bayi-fo, mafiti twelofu."

Kalaliki ati, "Mudala, kuno kulibe mafiti. Manje ni fifite-bayi-handiledi, mamita fili poyinti sikisi."

"Ndi chimodzimodzi?"

"Chimodzimodzi, dzina chabe ndiye lasintha."

Mapulangawo anabwela nawo pa kagalimoto ka vaneti, oyela bwino, akununkha utomoni, lililonse lili ndi chidindo cha manambala kumapeto. Ine kuwelenga sindidziwa, koma ndinawasisita ngati ana.

Pa Sondo titachoka ku tchalitchi anakweza loyamba. Agogo ako mbali iyi, womanga mbali iyo, ine pansi ndi mimba yanga. Agogo ako anakhazika mbali yawo. Ndiye ndinamva womanga ati, "Ba mudala, shani apa, zatani? Kankhani."

"Ndakankha kale."

"Kankhaninso."

Atakankha, mbali yawo ndiye inachoka pa khoma. Pulanga limangokhudza njelwa ndi kamlomo, ngati chikhadabo. Anatsitsa, nkukweza lina. Chimodzimodzi. Lina, chimodzimodzi. Agogo ako anatambasula lula ija pa pulanga, ndipo lililonse linali lopelewela zala zitatu. Ndinaikapo zala zanga ndekha, izi, zitatu.

Ndinafunsa womanga kuti bwanji osagawa, pang'ono uku pang'ono uko. Anandiyang'ana pamimba. Ati, "Ba mayo, mphepo yoyamba denga lizagwela pa imwe na mwana. Ine sinichita."

Kumwamba kunali kutayamba kale kusintha. Kutentha kuja kwa mwezi womaliza mvula isanagwe, masana mitambo imaunjikana, madzulo nkubalalika. Aliyense pa mapoloti anali kukhoma malata, ukamva ponseponse kho kho kho. Kwathu kokha zii.

Chiwelu chotsatila agogo ako anati abwelela ku yadi. Ine ndinati ndipita nawo. Anakana, ati ndi mimba imeneyo ukachita chiyani. Koma ine pakamwa pawo ndimapadziwa. Munthu wophikila ena sabata yonse ali chete, mawu amamuunjikana m'khosi.

Tinapeza mzele wautali. Titafika kutsogolo, kalaliki yemwe uja. Agogo ako anayamba mwaulemu, ati mwana wanga, unati ndi chimodzimodzi, koma mapulanga ndi aafupi. Tisinthile aatali. Kalaliki ati aatali anatha, ndipo sadziwa kuti abwela liti. Ati fili poyinti sikisi ndiye twelofu yamanje, aliyense atenga yomweyo. Agogo ako anatulutsa lula, nkuitambasula pa pulanga lina pamaso pa anthu onse.

Basi mzele wonse unalowelela. Bambo wina wa tayi ati mita ndi yabwino, uwelenga makumi makumi, dziko lonse likupita komweko, vuto ndi anthu okakamila zakale. Mkulu wina wopala matabwa anaseka, ati inu, ngakhale thu-bayi-fo ija sinakhalepo thu-bayi-fo, akaipala imachepa, dzina limangotsala. Wina kumbuyo ati kwake zitseko zakana kulowa. Ine ndinagwila agogo ako shati kumbuyo, ndikukoka pang'onopang'ono. Ndinati, "Atate ake, tiyeni, tikaganize kunyumba."

Sanandimve. Anakweza lula m'mwamba nkunena mokweza kuti, "Kale fiti inali fiti! Ufulu umenewu wafupikitsa ndi mapulanga omwe!"

Iwe, mkangano wonse unathela pomwepo. Wa tayi uja anayamba kuyang'ana nsapato zake. Wopala matabwa anachoka pa mzele osagula kanthu. Ndiye mnyamata wina amene anatsamila pa geti, wovala baji ya chipani pachifuwa, anabwela osathamanga.

"Mudala, mwakamba chani?"

Ine ndinayankha msanga kuti akamba za mapulanga chabe.

"Sinifunsa imwe, amai. Mudala, khadi."

Khadi la chipani timayenda nalo ngati mtima, popanda ilo sulowa mumsika, nthawi zina ngakhale basi sukwela. Agogo ako anapeleka. Mnyamata analiwelenga, nkufunsa kumene tikumanga, nkuliika m'thumba mwake. Ati, "Mukalitenge kwa ba cheyamani banu."

Ku Kabwata nkhani inafika ife tisanafike, sindidziwa kuti inakwela chiyani. Akulu awo anawaitanila panja. Ndinamva ati, "Nyumba ino ndi ya kanso, ine ndili pa ntchito ya boma. Zako usabwele nazo pano." Mulamu wanga anangotipatsa chakudya m'mbale imodzi nkulowa kuchipinda.

Ndiye ganiza. Ku Kabwata sakutifuna. Poloti ili m'manja mwa ba cheyamani. Makoma ali pamtunda, mitambo ikuda tsiku ndi tsiku.

Pakati pa sabata, agogo ako ali ku ntchito, ndinapita ndekha kwa ba cheyamani. Sindinawauze, akanandiletsa. Ndinatenga zitenje ziwili. China chakale chimene ndinagula nthawi imene nsalu amadula pa mayadi, china chatsopano chogula pa mita. Ife akazi timadziwa chinthu chimodzi, kuti kuyambila pamene amwenye anayamba kudula pa mita, chitenje chimazungulila bwino m'chiuno, ngakhale cha wapakati ngati ine.

Ba cheyamani anali bambo wamfupi, wolankhula motsitsa, mpaka umachita kuwelama kuti umve. Ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi. Ndinagwada pansi. Sanandiuze kuti khalani pa mpando.

"Ndinu akazi a uja wakuti ufulu ndi waufupi?"

Ndinati ndine, bambo. Ndinayala zitenje zija pa simenti, china pamwamba pa chinzake, chatsopano nkutulukila pafupifupi chikhatho chonse. Ndinati onani, amuna anga anaona mbali imodzi chabe. Ku mapulanga kunachepa, koma ku nsalu boma latiwonjezela. Ndi mkwiyo wa mvula unawalankhulitsa, si mtima wawo.

Anayang'ana zitenje nthawi yaitali. Anamwa tiyi. Ati pali anthu ambili akufuna mapoloti, anthu oyamika. Ine ndikali chigwadile, mawondo akuwawa. Ndiye ati, "Mawu amenewa ndi abwino. Koma adzanene yekha, ndi pakamwa pomwe paja, pa msonkhano pa Sondo. Anthu akamva, khadi atenga, malo ndi ake."

Ndinati bambo, pa Sondo ndi tsiku lokhalo lathunthu timagwila ntchito, tifuna tikaphimbe makoma, mvula ili pafupi.

Ati, "Mvula si membala wa chipani, amai. Siniilamulila."

Nditawauza agogo ako, anakhala pa mphasa mutu uli pansi. Ati, "Ufuna ndikaime pamaso pa amuna anzanga ndi zitenje, ngati wogulitsa salaula, zovala zakale zija?" Ndinati eya. Ndinati kapena mufuna ndikabeleke mwana uyu pansi pa mtengo? Anagona atatembenukila kukhoma. Koma pa Sondo anavala jekete yawo, zitenje anapinda okha nkuika kukhwapa.

Msonkhano unali pa bwalo la mpila. Womanga wathu sanabwele, anati ayesa kuyala malata pamwamba pa makoma ndi kutsindika ndi miyala, koma munthu mmodzi, malata ndi mphepo, udziwa wekha. Ife tinakhala pansi pa dzuwa, akazi uku amuna uko, anyamata a mabaji ataima kuzungulila. Pa msonkhano wotelo suchoka usanathe. Ba cheyamani anayamba ndi nyimbo, kenaka za ukhondo, kenaka za anthu ogulitsa mafuta ophikila mobisa. Ine maso anali kumwamba. Mtambo unali kubwela kuchokela cha ku Chelstone, wakuda ngati pansi pa poto, ndipo mphepo inayamba kununkha dothi lonyowa.

Agogo ako anawaitana pomalizila penipeni. Anaimilila, nkutambasula zitenje, china dzanja ili china dzanja ilo, mphepo ikuziulutsa. Amuna anayamba kuseka. Wina anakuwa ati, "Zingati chimodzi, mudala?" Iwo ananena zonse bwinobwino, kuti analakwa, kuti mita ndi yaitali kuposa yadi, kuti ufulu watiwonjezela. Ba cheyamani ati sitinamve kumbuyo. Ananenanso, mokweza. Dontho loyamba linandigwela pa dzanja ali pakati pa mawu.

Ndipo ba cheyamani sanatimasule. Anayambitsanso nyimbo ina, tonse tikuimba, madzi akutsika m'makosi. Itatha ndi pamene anatulutsa khadi nkuwapatsa agogo ako, nkuwagwila chanza anthu akuona.

Agogo ako anathamanga. Ine ndinabwela pambuyo, ndikugwila mimba, matope mpaka mu akakolo. Nditafika mvula inali ikali kugwa. Makoma atatu womanga anakwanitsa kuphimba. Lakumbuyo malata anauluka, ndipo linali litagwa kuyambila pa windo kupita m'mwamba, kwinako kutapendekela kunja, dothi likuyenda ngati phala. Agogo ako anangoima, zitenje zonyowa zili paphewa, khadi m'dzanja.

Womanga ndiye anayamba kulankhula. Ati, "Ba mudala, lagwa lagwa. Njelwa ni zamoyo, tizatola. Manje lula yanu muisunge m'thumba. Tizagoneka pulanga pansi, khoma lizabwela pamene pulanga lathela."

Ndi mmene tinachitila. Tinagwetsa chotsalacho, maziko anali otakata ndithu, khoma nkulowa mkati zala zitatu zija. Zinatitengela masabata, kumanga pakati pa mvula, kuphimba, kuphimbula. Amalume ako anabadwa tikali ku Kabwata, ndipo mulamu wanga yemwe uja ndi amene anandipelekeza ku kiliniki, ndisamunamizile. Tinalowa m'nyumba ino mvula ili pakati, pansi pasanaume, zitseko kulibe, tinatchinga ndi masaka. Koma poloti sanatilande.

Agogo ako kuyambila pamenepo pa mzele samalankhula. Wa buledi, wa sopo, wa unga, amangoima manja kumbuyo. Anthu ena mpaka anakalamba akuwaitana kuti a zitenje, iwo amangokweza chipewa.

Walemba zonse? Pa ba cheyamani usaikepo dzina, ana awo akali moyo, timapemphela nawo. Chabwino, tumiza manje kwa amene akuifuna nkhaniyi, foni isanathe moto.