Atate ndi sitima yopanda utsi

Abale nonse, muli bwanji? Imvani izi, ine nthiti zikuwawa ndi kuseka!

Esinati waimba vidiyo masana ano ali pa sitima ya pamadzi ija akuphikamo ku Ulaya, yonyamula anthu m'mphepete mwa nyanja. Ndathamanga nayo foni kwa atate. Paja chichokereni mwana wawoyu sanamulankhulepo, poti ankakana zoti akagwire ntchito pamadzi.

Atate ayang'anitsitsa, atchera khutu. Phokoso palibe, utsi palibe, koma mapiri akungotsala m'mbuyo. Basi akuwa: "Esinati, dalaivala wanuyo wazimitsa injini! Ndi zomwe amachita a minibasi pamtsetse popita ku Chipata, kusunga mafuta. Kamuuze ayatse!"

Esinati kuseka mpaka misozi. Akuti, "Atate, pano ikuyendera mabatire."

Iwo: "Nanga magetsi akathima?"

Acheza awiriwa mpaka foni yanga yatha moto. Yomwe yathima ndi foni yathu ya ku Katete, sitima ikungopita.

Tsopano akuti Esinati awatumizire tikiti, akaione okha injiniyo. Munthu woopa kuwoloka ngakhale kamtsinje ka kumunda! Tiwalole, abale?