Misewu Itatu ya M1 pa Tsiku Lofunsira Mwana Wanga

Amuna anga ndi achimwene anga anatha zaka zingapo osapondana pakhomo chifukwa cha msewu. Sanalimbirane munda kapena chuma cha masiye monga achitira anthu anzeru zawo. Analimbirana M1.

Amuna anga anagwira ntchito ku Capital Hill mpaka kupuma, ndipo ntchito yawo inali yoyendera maofesi a m'maboma. Motero M1 wathuwu anauyenda kuchokera ku Nsanje kukafika ku Karonga, atakhala kumbuyo kwa galimoto ya boma. Ankadziwa pamene pali mlatho wopapatiza, pamene agulitsa mbatata yabwino ku Dedza, ndi mwezi umene nkhungu imatseka maso ku Chikangawa. Titapeza nyumba ku Area 15, ine ndinakondwera ndi madzi a pampopi, koma iwo anakondwera kuti kulira kwa malole a pa M1 kumamveka pakhonde.

Achimwene anga, amene ndinawapondera pamutu, ndiwo mwini mbumba kwathu, ndipo ankakhala ku Area 3. Ali mnyamata anatumizidwa ku Mangalande kukachita maphunziro a miyezi yowerengeka. Anabwerako ndi zinthu ziwiri: chikhoti chaubweya chosavalika ku Lilongwe, ndi nkhani ya msewu wina wotchedwa M1, wochoka ku London kupita ku Leeds. Anauyenda pa basi, kupita ndi kubwera, ndipo ulendo umenewo unawakwanira moyo wonse. Ndiyenera kunena, popeza eni ake sananenepo, kuti palibe mwa awiriwa amene anagwirapo chiwongolero pa msewu umene ankaunyadira.

Chilamu chimalola kunyozana, ndipo kwa nthawi yaitali nkhaniyi inali ndiwo ya macheza. Inafika poipa pa Khirisimasi ina, tikumwa tiyi pakhonde pathu.

"Alamu," anatero achimwene, "kumeneko msewu umodzi uli ndi mizere itatu yopita ndi itatu yobwera. Mbuzi simungaione. Njinga ya makala simungaione."

"Nanga munkayang'ana chiyani, alamu?" anafunsa amuna anga. "Msewu wopanda mbuzi, wopanda wootcha chimanga, si msewu umenewo. Ndi khonde la chipatala."

"Wanuwu ndi njira ya kudimba. Anangoupatsa nambala poumvera chisoni."

"Komatu ine njira ya kudimbayo ndinaiyenda mpaka imvi. Inu wanuwo munauona kamodzi pawindo la basi, ndipo mpaka lero makutu athu sanapume."

Achimwene anaika kapu pansi mosamala, natenga chipewa chawo. "Achemwali, tsalani bwino," anatero, kutsanzika ine ndekha.

Kuyambira pamenepo ankakumana pa maliro pokha, wina kukhala mbali iyi ya tenti, wina mbali inayo. Ine ndinkakwera minibasi kuchoka ku Area 15 kupita ku Area 3, ndi kubwereranso, nditanyamula moni amene palibe anandituma. Minibasiyo inkadutsa pa M1 womwewo. Sindikayika kuti m'zaka zimenezo ndinauyenda koposa onse awiri, koma palibe anandifunsa maganizo anga.

Kenaka mwana wathu womaliza, wamkazi, amene ankagwira ntchito ku City Centre, anapeza mnyamata wa ku Rumphi, ndipo akwawo a mnyamatayo anatumiza mawu kuti akufuna kudzaonekera. Kwathu kuno bambo wa mwana alibe mawu pa tsiku lotere. Wolandira alendo, womva pempho lawo ndi kuvomera kapena kukana, ndi malume. Mwana wanga ankadziwa bwino za mkangano uja, ndipo anandiuza mosabisa.

"Mami, amalume akavuta ife tingopita kwa DC kukalembetsa. Anzathu ambiri anachita choncho."

Mawu amenewo anandisowetsa mtendere. Ukwati wolembetsa ndi ukwati ndithu, sindikana. Koma pepala silidzuka pampando kudzakhala pakati pa anthu awiri amene asiya kulankhulana. Ndinafuna kuti mwana wanga alowe m'banja ali ndi ankhoswe, anthu oti adzathawireko zinthu zikadzathina. Choncho ndinakwera minibasi, ndinakagwada pamaso pa achimwene, ndipo ndinawakumbutsa kuti mwanayo ndi wawo koposa mmene alili wa alamu awo. Mawu amenewa anawakomera. Anavomera kubwera, koma anati alamu asaonekere pabalaza, ndipo msewu usatchulidwe. Choyambacho mwambo unali utalamula kale. Chachiwiricho ndinalonjeza mosaganiza bwino.

Linali Loweruka. Amuna anga ndinawakhazika m'chipinda cha kumbuyo ndi nyuzipepala, wailesi ndi fulasiki ya tiyi, monga munthu amachitira ndi mwana wovuta alendo akamabwera. Mnyamata uja anakatenga akuluakulu ake awiri ku depoti ya mabasi ku Old Town, nawatsitsa pageti, iye nkutsala m'galimoto panja pa mpanda kudikira kuitanidwa, monga kuyenera. Wolankhula anali bambo ake aakulu, mkulu wa bambo ake omubala, munthu wamtali wa ndodo ndi tayi. Mnzawoyo sanatsegule pakamwa tsiku lonse, ndipo ndimamukumbukira ndi ulemu waukulu. Ine ndi mwana wanga tinaima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

Ndinali nditakonza zonse, koma ndinaiwala chinthu chimodzi chimene sichingadumphidwe. Mlendo wochokera kutali salandiridwa osamufunsa za ulendo wake.

"Mwayenda bwanji?" anafunsa achimwene.

Munthu aliyense woleredwa bwino amayankha kuti wayenda bwino, ngakhale basi itamutaya m'ngalande. Mlendo wathu anakonza kukhosi, nakhazika ndodo pakati pa mawondo.

"Tayenda, adada, koma M1 wa kuno wandithyola msana. Ine ndinagwira ntchito ku Zambia, ku Kasama. Kumeneko kulinso M1, wochoka ku Mpika kukafika ku Mbala. Umenewo ndiye msewu. Wowongoka ngati chingwe, mitengo mbali zonse, munthu umayenda mtima uli m'malo."

Ndinatseka maso. Ndinali ndisanadziwe kuti pa dziko lapansi pali M1 wachitatu, ndipo sindinamvetse chifukwa chake Mulungu anasankha kundidziwitsa pa tsiku limenelo.

"Ku Zambia?" anatero achimwene, mawu awo atayamba kale kukwera. "Kodi mizere ndi ingati?"

"Umodzi wopita, umodzi wobwera. Munthu afunanji yambiri? Matako ndi awiri okha."

"Ndiye simunaone msewu, bambo. Ine ndinali ku Mangalande."

Apo ndinamva chitseko cha chipinda cha kumbuyo chikulira. Amuna anga anatulukira pabalaza, napepesa kwa alendo, nanena kuti angodzatenga magalasi awo. Magalasiwo anali pamphuno pawo. Anafufuza pa kabati, anasuzumira pansi pa tebulo, kenaka anapezeka atakhala pampando.

"Pepani, ndamva ngati wina akuti M1 wa kuno wamuthyola msana. Munachoka ku Mzuzu nthawi yanji? Munakhala mpando uti? Pamwamba pa tayala lakumbuyo? Ndiye mlandu ndi wa mpando, si wa msewu."

Zimene zinatsatira sindingazilembe zonse. Mlendo anafotokoza mvula ya ku Mbala. Achimwene anafotokoza nyumba zodyera za m'mbali mwa msewu wawo, kumene munthu amasamba m'manja ndi madzi otentha ochoka m'khoma. Amuna anga anatchula malo onse kuchokera ku Kanengo kukafika ku Chiweta, monga mwana wa sukulu wolakatula ndakatulo. Iwo ndi achimwene sankayang'anizana. Aliyense ankalankhula kwa mlendo, ndipo mlendoyo ankabweza mbali zonse ziwiri mosatopa. Tiyi anazizira. Ndinatumiza wina, nayenso anazizira. Mthunzi wa mpanda unafika pakhonde, ndipo alendowo anali oti akwere basi ya madzulo omwewo. Za ukwati panalibe amene anatchulapo. Ndinkadziwa kuti anthu ochokera kutali chotero akabwerera osafunsidwa chimene anadzera, kwawo akanena kuti tawakana.

"Mami," ananong'ona mwana wanga, misozi ili m'maso, "akangotuluka pageti paja, ife Lolemba tili kwa DC."

Mkazi salowerera bwalo la ankhoswe, ndipo ine sindinaleredwe kuthyola mwambo pamaso pa alendo. Ndikuganizabe chochita, ndinamva achimwene akuomba m'manja.

"Tisavutike. Muitaneni mnyamata uja. Ndi wophunzira, atiuze yekha. Mwa misewu itatuyi, M1 weniweni ndi uti?"

Funsoli linali msampha. Mnyamatayo akanasankha wa ku Zambia, akananyoza malume amene anagwira yankho m'manja. Akanasankha wa ku Mangalande, akanachititsa manyazi bambo ake aakulu, ndi kudana ndi apongozi ake aamuna asanalowe n'komwe m'banja. Akanasankha wathuwu, achimwene akanatenganso chipewa chawo, ndipo ulendo uno sakanabweranso. Ndinafunitsitsa kuthamangira kugeti kukamuchenjeza, koma mpongozi sanong'onezana ndi mkamwini. Kufikira tsiku limenelo tinali titangopatsana moni wa patali, ine nditayang'ana kumbali.

"Pita ukamuuze kuti asasankhe," ndinauza mwana wanga.

"Nanga anene chiyani?"

"Chilichonse chimene sichikondweretsa aliyense wa iwo."

Mwanayo sanasunthe. Anangotulutsa foni nalembapo ndi zala ziwiri. Ndinali nditadzudzula mafoni amenewa kwa zaka zambiri, koma tsiku limenelo ndinawayamika.

Mnyamata analowa, nanjuta pafupi ndi chitseko, manja atawagwirizanitsa. Achimwene anabwereza funso lawo. Iye anayankha atayang'ana pansi.

"Pepani, makolo anga, kunjako sindinapiteko. Wathuwu ndimadutsamo ndikamapita kumudzi, koma ndimakwera basi ya madzulo. Tulo timandigwira tisanafike pa Lumbadzi, ndipo ndimadzuka tili ku Mzuzu."

Kunja pa msewu ndinamva lole ikusintha giya.

"Kasungu yense?" anafunsa amuna anga motsitsa mawu.

"Yense, bambo."

"Ndi Chikangawa yemwe?"

"Ndimangomva kuti kuli mitengo, bambo."

Bambo ake aakulu anapukusa mutu. "Mwana uyu watichititsa manyazi kwa eni ake," anatero.

Pamenepo achimwene anatembenuka, nayang'ana amuna anga kumaso kwa nthawi yoyamba chichokereni Khirisimasi ija.

"Alamu, mwamva?"

"Ndamva, alamu. Ndamva ndi makutu angawa."

"Munthu kudutsa pa Jenda ali m'tulo! Ngakhale wathu wokumbikawu, munthu amayenera kuuona ndi maso."

Anati wathu. Amuna anga anamva, ine ndinamva, koma palibe anawakumbutsa za njira ya kudimba. Akuluakulu atatuwo anakhala kanthawi akuyang'ana mnyamatayo ndi chisoni chimodzi, monga anthu ayang'anira mwana wamasiye.

"Mnyamata uyu sangasiyidwe yekha," anatero achimwene pomaliza. "Afunika banja loti limulere." Kenaka anatembenukira kwa mlendo. "Paja, bambo, mwabwera ndi mawu?"

Mlendo anadzidzimuka monga munthu wokumbukira kuti wasiya katundu m'basi. Anakonza tayi, nanena kuti tambala wawo waona msoti pakhomo pano. Amuna anga anakumbukira mwambo mwadzidzidzi, napeza magalasi awo pamphuno, nabwerera kuchipinda. Mwana wanga anaitanidwa, anagwada, anafunsidwa ngati mnyamatayo akumudziwa, ndipo anavomera. Nkhani imene anthu anaiyendera kuchokera ku Rumphi inatha madzi a tiyi wachitatu asanawire. Alendo anaipeza basi yawo.

Chinkhoswe chinachitika, ukwati unadalitsidwa kutchalitchi, ndipo achimwene anakhala nkhoswe ya kuchikazi mpaka tsiku limene anatisiya. Sindinamufunsepo mkamwini wanga ngati za tulo zija zinali zoona, chifukwa mpongozi safunsa zotere. Mwana wanga akuti ndi zoona, ndipo akuti amagona ngakhale pa ulaliki.

Patapita miyezi pang'ono ukwati utachitika, alamu awiriwo anagwirizana kuti maphunziro a mkamwini ayambike. Anamulamula kuti awatengere ku Dedza masana dzuwa likuswa mtengo, iye akuyendetsa, iwo atakhala kumbuyo kuti azimulozera zofunika kuona. Mwana wanga anakhala kutsogolo, ndipo ndiye anandiuza zimene zinachitika. Anawoloka mlatho wa ku Old Town akuluakuluwo akulankhula onse nthawi imodzi. Asanafike pa Nathenje, kumbuyo kunali zii. Atacheuka anapeza onse awiri ali m'tulo, mutu wa achimwene uli paphewa la amuna anga.

Mkamwini wanga anachepetsa wailesi, nazemba maenje onse mosamala kuti asawadzutse. Anakafika ku Dedza, anagula mbatata, nawadzutsa mwaulemu. Madzulo amuna anga anandiuza kuti mnyamatayo akuphunzira, koma pang'onopang'ono.