Kalata Yanga ya a Disi

Ine kalaliki amene ndinkakalipira akapitawo pa esiteti, ndinaopa nkhalamba yothyola tiyi. A Muhiwa anakhala m'nyumba yanga ya lendi zaka khumi ndi ziwiri, akulipira masheleni awiri omwewo. Kuwauza pamaso kuti ndakweza lendi kunandikanika. Ndiye ndinatayipa kalata ku ofesi, n'kukawawerengera m'Chingelezi mokuwa, ati lamulo la a Disi, bwanamkubwa wa boma lathu.

Iwo anaitembenuza. Kumbuyo kwake kunali mizere yathu yolembamo sikelo ya masamba.

"Akalaliki, a Disi ayamba kuyeza tiyi?"

Anandigwira bodza, koma mawu anga sindinabweze. Udzu wofolera sugwa kumwamba, ndipo sindipepesa! Analipira atatu. Chimene chimandiwawa n'chimodzi: mwezi uliwonse popereka, ankavula chipewa n'kunena kuti, "Mukawapatse moni a Disi."