Zala Khumi pa Galasi la Amalume

Fungo la pepala lowauka sindilikonda. Mwana wanga wamkazi amaphunzitsa ku Cuamba, ndipo akapuma amaseweretsa bokosi lomwe anapanga yekha: katoni, galasi pamwamba, kakamera mkati. Ukaika zala pagalasipo, kompyuta imaziona zonse nthawi imodzi, chithunzi n'kumatsata dzanja. Anati ndiyese. Ndinakana. Katoniyo itafunda ndi getsi, fungo lake linandibwezera ku Ngauma, chilimwe china ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Chaka chimenecho bambo anali ku chibalo, ntchito yokakamiza ya atsamunda. Ine ndi amayi tinawaperekeza ku posto, ofesi ya boma. Sipayo, wapolisi wa pamenepo, anagwira chala chawo chachikulu, kuchipaka inki, kuchidinda papepala. Tinabwerera awiri. Ndinatolapo lamulo limodzi: chala chikasiya chidindo, mwini wake amatengedwa.

Amalume anali atangobwera kumene kuchokera ku ntchito ya njanji, atanyamula galasi limodzi lokulunga m'bulangete. Anthu ankayesa aika pawindo. Iwo anakhoma bokosi la matabwa, mkati n'kumata mapepala oyera, n'kuikamo nyali, galasi lija pamwamba. Analiika m'nyumba yosungiramo fodya, momwe munali mdima ngakhale masana, ndipo kudenga anatambasula nsalu yoyera ya amayi. M'menemo munkanunkha fodya, palafini ndi mapepala owauka.

Tsiku loyamba anandigwira mikono n'kukanikiza manja anga onse pagalasi. "Yang'ana kumwamba, mphwanga. Dzanja lako laposa la mzungu." Zala zanga zinadzaza denga, zakuda, zazitali ngati misi. Amalume ankaseka. Ine nditachotsa manja ndinaona zidindo khumi za thukuta zikuwala pagalasi, mizere yake yonse ikuoneka. Bambo anadinda chimodzi.

Sindinauze munthu. Belu la njinga likalira kumsewu wa ku Itepela, ndinkayesa ndi sipayo, n'kuthawira m'munda wa nandolo, kugona chafufumimba, nyerere zikundiyenda m'khosi. Ndinkatikita nsonga za zala pamphero kuti mizere ifufutike, mpaka zinatuluka magazi. Amayi anati ndi malungo, n'kundimwetsa mizu yowawa.

Amalume atapita ku Mandimba kukagulitsa fodya, ndinalowa m'nyumba muja masana. Ndinapukuta galasi ndi malaya, koma paliponse pomwe ndinagwira pankatsala chidindo china. Ndinalinyamula kuseri kwa chulu, kuliphwanya ndi mwala, kukwirira zidutswa zake.

Atabwera anapeza bokosi lili pululu. Sanafunse zambiri. Anandigwira dzanja, kuona zilonda zija, ndipo ndinaulula zonse. Ndinkadikira ndodo, koma sinabwere. Anangoti, "Anthu a ku posto aja akuphunzitsa bwino." Bokosi lija linasanduka choikiramo nkhuku. Sanapangenso lina.

Sipayo sanabwere chilimwe chonsecho, ndipo ndinkati ndadzipulumutsa ndekha ndi mwala. Bambo anabwera ndi mvula yoyamba, ataonda, osalankhula za komwe anali. Panapita zaka ndisanamvetse kuti panalibe yemwe ankandisaka. Galasi lija ndi chokhacho chimene amalume anabwera nacho kuchokera ku njanji, ndipo munthu woyamba amene anafuna kumusangalatsa nalo ndinali ine.