Kukanena Matenda a Bruno

Mundikhululukire, inu owerenga, kuti munthu ngati ine ndagwira cholembera. Kulemba ndinaphunzirira pa dothi, ndi chala, pa sukulu ya kumudzi kufupi ndi Bembeke, ndipo mpaka lero ndikalemba mawu ndimawayang'ana kawiri kuopa kulakwira wina. Koma pali fungo lina limene silindisiya. Ndi fungo la mafuta a ng'anjo yotenthetsera nyumba, losakanikirana ndi la ubweya wonyowa wa galu. Ndikalimva, ngakhale ndili m'basi, ndimapezeka ndakhala pa masitepe a nyumba ina ya njerwa zofiira ku Etobicoke, m'dziko la Canada, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Amayi atamwalira, malume ndiwo ananditenga, pakuti anali mwini mbumba. Ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Akazi awo, amene ndinkangowatchula kuti anti, anali namwino pa chipatala china m'katikati mwa Toronto. Tinkachita lendi zipinda zapansi pa nyumbayo. Zenera lathu linali laling'ono, lolingana ndi nthaka, moti ndinkaona nsapato za anthu odutsa basi. Sino, chipale chofewa chija, itayamba kugwa, nsapato nazonso zinasowa, kunangotsala kuwala kotuwa ndi mkokomo wa ndege umene unkanjenjemeretsa makapu pa shelefu.

Pamwamba pankakhala eni nyumba, bambo Fenwick, mzungu wachikulire amene akazi ake anamwalira kale. Anali wapolisi wopuma pa ntchito, ndipo ankakhala ndi galu wamkulu wakuda kumsana, dzina lake Bruno. Awiriwa anagwira ntchito limodzi kumpoto, kufunafuna anthu osochera m'nkhalango. Bruno anali ndi chipsera chachitali pa mwendo wakutsogolo, pamene ubweya sunkameranso. Kwathu galu salowa m'nyumba, ndipo galu wa apolisi ngakhale akuluakulu amamutchula motsitsa mawu. Masiku oyamba ndikamva zikhadabo zake zikugogoda pa matabwa pamwamba pa mutu wanga, ndinkafunda bulangete kumutu komwe.

Ku sukulu zinkandivuta. Chingerezi cha kumudzi sichinkafanana ndi cha ana a kuno, ndipo pofuna kuti aphunzitsi asakhumudwe ndinkangovomera chilichonse, ngakhale chimene sindinamve. Tsiku lina ndikubwerera ndinaterereka pa madzi oundana pafupi ndi geti, mabuku onse mbwee. Ndisanadzuke ndinamva mpweya wotentha m'khosi. Bruno anandinunkhiza, kenaka anakhala pansi n'kuyang'ana kumbali, ngati akundipatsa mpata woti ndilire popanda wondiona. Kuyambira pamenepo iye ndi bambo Fenwick ankandiperekeza m'mawa mpaka pa ngodya ya sukulu. Mkuluyo sankakonda kulankhula, galuyo sankandifunsa kanthu. Madzulo ndinkakhala naye pa masitepe n'kumamuuza m'Chichewa zonse zimene zinandikanika kunena tsiku lonse.

Khirisimasi itadutsa, Bruno anayamba kusiya chakudya. Mimba inatupa, nthiti zinaoneka, ndipo podzuka ankayamba waganiza kaye. Bambo Fenwick anapita naye kwa avetenale. Anauzidwa kuti muli chotupa, kuti opaleshoni ingathe kumuwonjezera masiku, koma mtengo wake unali woposa zimene penshoni yawo ikanatha. Anangogula mapilisi ochepetsa ululu, nawonso okwera mtengo. Sanadandaulire aliyense. Tinadziwa pamene anti anandituma kukapereka mandasi pamwamba. Ndinawapeza atakhala pa mpando atavala chikhoti ndi magolovesi, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Anali atatseka timabowo tonse tobweretsa mpweya wotentha m'zipinda zawo kuti mafuta asamathe msanga. Kwathu kunsi kunkatenthabe monga mwa masiku onse, poti ife tinkalipira lendi.

Bruno anazindikira kumene kunali kofunda. Ankatsika movutikira n'kugona pakhomo pathu. Anti, amene sanalolepo galu kuyandikira mbale zawo, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anatenga chitenje chakale n'kumuyalira. Mapilisi ankawasinja ndi supuni n'kuwabisa m'chiwindi chokazinga. Ine ndinkamugwira mutu.

Tsiku lina tikudya malume anafunsa, "Kodi eni ake awauza?"

"Eni ake ati? Mwini wake si uyu akunjenjemera pamwambapa?" anatero anti.

"Uyu n'ngomusunga chabe. Galu ameneyu wakalambira pa ntchito ya boma."

"Inu a Mbewe, kuno si kumudzi. Muvale suti chifukwa cha galu? Akakusekani mpaka agwe pa mipando."

"Aseke," anatero malume, n'kupitiriza kudya.

Kwathu munthu akadwala ali kwa eni, monga mkazi amene ali ku chitengwa, omusunga amatuma mthenga kwa abale ake matenda asanakule. Abalewo ndiwo amabwera kudzaona chochita. Malume anaona kuti mzungu wachikulireyo sadziwa zimenezi, kapena manyazi amugwira, choncho anadzipereka okha kukhala mthenga, osawauza n'komwe. Ine ananditenga ngati mboni, poti ndine ndinkadziwa bwino mmene wodwalayo ankagonera ndi mmene ankadyera. Sabata yonse ndinaloweza mawu anga a Chingerezi, ndikumawanong'oneza m'bafa.

Tinakwera basi Loweruka m'mawa kupita ku polisi imene tinkaiona popita kutchalitchi. Malume ankaopa apolisi kuyambira kale, koma pa khomo anavula chipewa n'kulowa. M'katimo munkanunkha khofi ndi fodya. Pa kauntala panali wapolisi wamng'ono wa ndevu zofiirira. Malume anayamba ndi moni, anafunsa ngati akuluakulu adzuka bwino, anafotokoza kumene tikukhala, ndipo pomaliza pake anati tabwera kudzanena matenda a wantchito wawo. Wapolisiyo anatenga cholembera. Atamva kuti wodwalayo ndi galu, anachiika pansi n'kuitana mnzake wachikulire. Sanatiseke monga ankanenera anti. Wachikulireyo anamvetsera zonse, kenaka anawerama n'kundifunsa kuti galuyo ali bwanji. Mawu onse amene ndinaloweza anathawa. Ndinangoti chapansipansi, m'Chichewa, "Sakudya."

Wachikulireyo anatifotokozera mwaulemu zinthu zimene ife sitinkazidziwa. Kuno apolisi si amodzi ngati kwathu. Iwo anali a mumzinda, pamene Bruno anagwira ntchito kwa ena, a kutali. Ndipo anati monga mmene iye ankadziwira, galu akapuma amaperekedwa kwa amene ankayenda naye, n'kukhala galu wake ngati galu wina aliyense.

"Ndiye kuti anamusudzula?" malume anandifunsa ine, ngati kuti ndine ndikanadziwa.

Anandipatsa koko wotentha m'kapu ya pepala. Malume anathokoza kawiri, anavala chipewa, tinatuluka.

Pobwerera tinakweranso basi. Mawindo anali atachita nthunzi, ndipo titadutsa mlatho malume anapukuta pang'ono ndi chala n'kumayang'ana panja. "Amayi ako anadwala miyezi ingapo kwa abambo ako," anatero. "Palibe anandiuza. Uthenga woyamba umene ndinalandira unali wa maliro." Aka kanali koyamba kuti atchule amayi chifikireni ine ku Canada.

Ndinkadziwa kuti malume ankasunga ndalama zoti akamangire chiliza pa manda a amayi. Ankagwira maola owonjezera chifukwa cha zimenezo, ndipo ankabwera zala zitasweka ndi chisanu. Ine ndinali mwana wosapempha kanthu. Nsapato zikandithina ndinkangopinda zala. Koma Lamulungu titachoka kutchalitchi ndinagwada pakhomo la chipinda chawo n'kupempha kuti ndalamazo zipite kwa avetenale. Ndinati amayi angadikire, koma Bruno sangadikire.

Malume anandiyang'ana ngati ndawamenya. "Esinati, mlongo wanga wagona pansi pa mulu wa dothi ngati munthu wopanda abale. Mvula ina ikabwera sitidzadziwanso pamene ali. Iyayi, mwanangu. Izi zokha iyayi."

Ndinadzuka n'kuthokoza, pakuti ndi mmene ndinaleredwera. Koma kwa milungu ingapo ndinkawayankha ndi mawu amodziamodzi, ndipo powapatsa madzi osamba m'manja ndinkayang'ana pansi.

Sino inayamba kusungunuka m'mbali mwa msewu, yakuda ndi utsi wa magalimoto. Bruno sankathanso kukwera masitepe, choncho bambo Fenwick ndiwo ankatsika. Ankakhala pa sitepe yomaliza, dzanja lili pa khutu la galuyo, ndipo anti ankawapatsa tiyi n'kumanamizira kuti waphikidwa wambiri. Tsiku lina anatiuza za kamnyamata kena kamene Bruno anakapeza pansi pa mtengo wakugwa anthu onse atataya mtima. Anati galuyo anakagonera kuti kafunde mpaka iwo atafika. Atatha kunena anaseka pang'ono, n'kuti tsopano kamnyamatako mwina kali ndi ndevu.

Pamene mapilisi anasiya kugwira ntchito, anapangana ndi avetenale tsiku loti akamubaye jakisoni womugoneka kosadzukanso. Malume anapempha tchuthi ku ntchito. M'mawa mwake ndinawapeza kuseri kwa nyumba akuyatsa makala pa nthaka kuti ifewe, chifukwa pansi panali poumabe gwaa. Bambo Fenwick atabwera ndi fosholo, malume anawalanda mwaulemu n'kuwauza kuti kwathu wofedwa sakumba manda. Anakumba okha, atavula jekete, nthunzi ikutuluka kumsana. Nthawi itakwana ananyamula Bruno m'manja ngati mwana mpaka m'galimoto ya bambo Fenwick. Ine sanandilole kupita. Anabwera naye atakulungidwa m'bulangete, chipsera cha pa mwendo chikuonekera kunja.

Pa nthawiyo nkhaniyi inali yosavuta kwa ine: malume anali ndi ndalama, anakana, ndipo Bruno anafa. Ndinakula, ndinagwira ntchito zaka zambiri yosamalira okalamba, ndipo ndaona anthu ochuluka amene mphamvu zawo zinathera kwina, matenda n'kudzagwera amene anali nawo pafupi. Tsopano ndikaganiza za nyumba ija ndimaona amuna awiri, wina akuzizidwa m'chipinda chake, wina akuyeza galu ndi manda a mlongo wake, pamene onsewo sindiwo anamulemba ntchito. Amene anamutuma m'nkhalango ali wamphamvu akanayenera kumudziwanso atadwala. Malume anazindikira zimenezi ine ndisanazindikire, kungoti anagogoda pa khomo lolakwika, ndipo khomo loyenera kunalibe.

Chiliza cha amayi chinamangidwa chaka chotsatira. Bruno tinamuika kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, Loweruka la pakati pa Lachisanu Loyera ndi Isitala, m'chaka cha 1975.