Matambula agalasi pachitsime cha ng'ombe

Mjigo wa m'mudzi umene ndinkachita lendi kufupi ndi Manyamula utafa, tinayamba kutunga kudambo, pachitsime chomwe ng'ombe zinkamweranso. Ine kwathu ndi ku Kasungu, ku Manyamulako ndinapitira uphunzitsi, ndipo mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Gulu lathu la amayi linapita ku Boma kukadandaula mpaka nsapato kutha, yankho lili lomwelo: tamva, tibwera. Ndiye tinagwirizana zojambula chitsimecho, chithunzi chizungulire m'mafoni mpaka wina achite manyazi. Foni yojambula bwino inali yanga.

Ndinawauza momveka kuti mawa abwere monga amabwerera masiku onse. M'mutu mwanga chithunzicho ndinali nditachiona kale: matope, ndowe, zigubu zakuda, nkhope zachisoni.

Nditafika m'mawa ndinangoti kakasi. Chitsime anali atachilambula. Ndowe zonse atawola, m'mbali atasesa mpaka mizere ya tsache kuoneka, ng'ombe atazipirikitsira kutsidya. Amayiwo ali ndandanda, zitenje zatsopano, maduku omanga mwaluso, nkhope zili phuliphuli ndi mafuta. Wina anachita kubwereka nsapato zagogoda, zikungotitimira m'matope.

“Amama, kodi kuli ukwati?” ndinafunsa apampando a gulu lathu, mayi wojintcha wogulitsa tomato pamsika. “Akaona zimenezi ku Boma adzati anthu awa akukhala bwino kuposa ife.”

“Asambizgi,” anayankha m'Chichewa chawo chokokera ku Chitumbuka, momwe aphunzitsi amawatchula choncho, “mwati chithunzi chiyenda m'mafoni. Mwana wanga ali ku Joni, foni ali nayo. Aone mayi ake ali mbuu ngati wamisala? Yayi. Mavuto tili nawo, kweni uve tilibe.”

Anzawo onse anavomereza. Kumeneko munthu sajambulitsa asanasambe, ndipo malo amene alendo adzaone amayamba asesedwa. Ndinakhala pachigubu, misozi ili pafupi chifukwa cha ukali.

Ndili chikhalire, mayi wina wachitsikana anamasula kansalu n'kutulutsa matambula agalasi, aja amakhala m'kabati kudikira alendo. Anati makapu apulasitiki ndi okalikakalika, sangaoneke nawo pachithunzi. Ndinatsala pang'ono kumulalatira. Iye anawerama, natunga, nakweza tambulayo m'mwamba uku akumwetulira ngati wotsatsa malonda.

Madzi aja m'galasi anali ngati tiyi wamkaka, tizilombo tikuvinavina m'katimo. M'zigubu zathu sitinkawaona chonchi. Wina anaphulika kuseka, chiseko n'kugwira aliyense.

“Imani pomwepo, musasunthe,” ndinatero. Aliyense anatunga tambula yake, ine n'kujambula.

Chithunzicho chinayenda kuposa mmene tinkaganizira. Tinakachisindikizanso chachikulu, n'kuchikhomera pathabwa, n'kudutsa nacho pamsika wa ku Boma popita kumaofesi. Akabaza ankayamba ndi kuseka zovalazo, akayang'ana m'matambulamo kuseka kunkawathera.

Apampando anabwera kwanga tsiku lina, maso ali psuu. Mwana wawo anali ataimba foni. Za chitenje sanatchuleko n'komwe. Anangofunsa kuti, “Amama, madzi amenewo ndi amene mukumwa?” Miyezi yonseyo apampandowo ankamuuza kuti kumudzi kuli bwino chomene. Ndinawamvera chisoni, ukali wanga uja ndinachita nawo manyazi.

Amisiri anabwera mvula isanagwe. Tsiku limene mjigo unalavula madzi, apampando anatchenanso kuposa poyamba, ndipo ulendo uno sindinatsegule pakamwa. Anatsuka tambula, naidzaza, naima pomwe dzuwa linkawala bwino.

“Jambulani, asambizgi, mumutumizire lero lomwe,” anatero. “Mbwenu mwana wanga ayambe kugona tulo.”

Anamwa madzi onse osapumira, ine ndikujambula.