Kameta Ali Pamazira

Kuseri kwathu ku Bangwe kumakhala abambo ena okalamba amene amacheza ndi nkhuku kuposa anthu. Ukangoima pampanda, amayamba kukulozera: "Zakuda bii, zonenepazo, ndi mikolongwe. Kuikira zimatha, koma kufungatira ulesi. Wopanda nthenga m'khosiyo ndi kameta, mayi weniweni."

Loweruka lina kunabwera anyamata a malaya ofiira, akutolera mphatso za kumsonkhano wa chipani. Anagwira kameta ali pamazira.

"Ana anga, ameneyo akufungatira. Tengani tambalayu."

Mmodzi anawayang'anitsitsa. "Mwati tikazinge tambala wakuda, chizindikiro cha chipani, madala?"

Kameta anapita.

Mazirawo abambowo anawafunditsa jekete lawo, namaliyanika padzuwa kuti lizitentha. Onse anasukusa. Powakwirira, sanafune kuti wina awathandize.